Mmene munganenerere mtengo popanda kuluza ndalama kapena ulemu

Wogula ndi wogulitsa akayamba kukambirana za mtengo, pamakhala manambala atatu, koma yomveka m'makutu imakhala imodzi yokha. Yomvekayo ndi mtengo umene wogulitsa watchula kapena walemba pa katundu. Awiri enawo amakhala mumtima: ina ndi ndalama zochepetsetsa zimene wogulitsa angalandire osaluza, ndipo ina ndi ndalama zochulukitsitsa zimene wogula angapereke osadandaula akafika kunyumba. Ngati malire a wogula ali pamwamba pa malire a wogulitsa, pali mpata woti malonda atheke, ndipo ntchito yonse ya kunenerera ndi kufufuza kukula kwa mpatawo n'kuugawana. Ngati malire a wogula ali pansi, anthu awiriwo akhoza kulankhulana mpaka dzuwa kulowa koma sangagwirizane, pokhapokha mmodzi atalolera kudzipweteka yekha.

Ndayamba ndi mfundo imeneyi chifukwa anthu ambiri amaona kunenerera ngati mpikisano wa pakamwa, umene amapambana ndi munthu waliuma kapena wodziwa kuyalutsa mnzake. Ine sindiona choncho. Amene amagula bwino ndi amene wadziwa zambiri asanatsegule pakamwa, ndipo zimene amanena m'sitolo zimangomuthandiza kudziwa zotsalazo.

Yambani mwazindikira ngati pamalopo amanenerera

Mtengo umodzi wolembedwa pa katundu, umene masiku ano timauona ngati chinthu chachibadwa, si wakale kwenikweni poyerekeza ndi malonda enieniwo. Kwa zaka zambirimbiri munthu aliyense ankalipira malinga ndi mmene wakambirana ndi wogulitsa. Ku England, m'zaka za m'ma 1600, akhristu a gulu la Quaker, limene mtsogoleri wake adali George Fox, adakana mchitidwewu ponena kuti kutchula mtengo umene ukudziwa kuti si weniweni ndi bodza, ndipo amalonda awo adatchuka chifukwa munthu ankatha kutuma mwana kukagula, mwanayo n'kulipira chimodzimodzi ndi wamkulu. Ku Japan, wamalonda wina dzina lake Mitsui Takatoshi adatsegula sitolo ya nsalu ya Echigoya mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, m'chaka cha 1673, ndipo sitoloyo idadziwika ndi kugulitsa pa mtengo wosasintha kwa olipira pompopompo. Masitolo akuluakulu a m'zaka za m'ma 1800, monga Le Bon Marché ya Aristide Boucicaut ku Paris ndi ya John Wanamaker ku Philadelphia m'dziko la America, ndiwo adafalitsa njirayi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: sitolo ikakula n'kulemba antchito mazanamazana, mwini wake sangaphunzitse aliyense wa iwo mtengo wooda wa katundu aliyense ndi luso lonenerera, choncho kulemba mtengo umodzi kumamupepukira.

Mbiri imeneyi ikukuuzani kumene muyenera kuyesa ndi kumene mungataye nthawi. Kumene katundu ndi wotsika mtengo, wofanana, wogulidwa ndi anthu ambiri motsatizana, ndipo wolandira ndalama ndi wantchito wongoyendetsa makina, mtengo sugwedezeka, ndipo kumuumiriza wantchitoyo ndi kumuzunza pa chinthu chimene alibe nacho mphamvu. Kumene mwini sitolo akugulitsa yekha, kumene mtengo sudalembedwe, kumene katundu ndi wogwiritsidwapo kale ntchito kapena wopangidwa pamanja, ndiponso kumene chinthu chimodzi chimadya ndalama zambiri, monga mipando, firiji, makina osokera kapena galimoto, mpata umakhalapo pafupifupi nthawi zonse. Ngakhale m'masitolo a mitengo yolembedwa, katundu wamkulu amene wakhala pachionetsero, wakandika pang'ono, kapena amene mtundu wake watsopano wafika kale, nthawi zambiri amatsitsidwa munthu akafunsa kwa woyang'anira.

Ngati mukukayika, imani pambali kanthawi muone mmene ena akugulira. Mukhozanso kungofunsa mwaulemu kuti, "Kodi mtengowu ndi womaliza, kapena tingakambirane?" Funso limeneli silinyoza munthu, ndipo yankho lake limakupulumutsani ku manyazi.

Ntchito yaikulu imachitika musanalowe m'sitolo

Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Clifford Geertz, adafufuza msika wa m'tauni ya Sefrou ku Morocco, ndipo mu 1978 adalemba kuti vuto lalikulu pamsika wotere ndi kusowa kwa chidziwitso: mtengo woyenera sudziwika bwino, ubwino wa katundu sudziwika bwino, ndipo odziwa sakhala ofanana ndi osadziwa. Iye adaona kuti ogula amathana ndi vutoli m'njira ziwiri, kunenerera mozama ndi wogulitsa mmodzi ndiponso kubwererabwerera kwa ogulitsa omwewo mpaka kudziwana nawo. Zimene adaonazo zimagwira ntchito kulikonse kumene mtengo umakambidwa. Wogulitsa amagwira katundu yemweyo tsiku ndi tsiku, amadziwa kumene adamuoda, zingati adalipira ndi zingati anzake akugulitsira, pamene inu mwina mukugula chinthucho koyamba m'zaka zisanu. Kusiyana kumeneku ndiko kumakudyerani ndalama, ndipo mumakuchepetsa ndi miyendo yanu.

Choncho funsani mtengo m'malo atatu kapena anayi musanaganize zogula, ndipo onetsetsani kuti mukufunsa chinthu chofanana ndendende, chifukwa zinthu ziwiri zooneka chimodzimodzi zikhoza kusiyana kukula, kulimba ndi kampani yozipanga. Lembani dzina la katundu ndi nambala ya mtundu wake ngati ilipo. Onani pa intaneti ngati n'kotheka, pokumbukira kuti mtengo wa kumeneko kawirikawiri sukhala utaphatikiza ndalama zotumizira. Funsani munthu amene wagula chinthucho posachedwa kuti adalipira zingati, pakuti mtengo umene munthu adalipiradi ndi wofunika kuposa mitengo khumi yongotchulidwa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pa malonda phulalo limakhala ndalama zimene mudazivutikira.

Mukatero, ikani malire anu muli kunyumba, mtima uli m'malo. Dziuzeni ndalama zimene mukufuna kulipira, ndi zimene simungapyole zivute zitani. Malire oikidwa muli kale m'sitolo, katundu ali m'manja ndipo wogulitsa akumwetulira, amasunthika mosavuta. Kenako dzifunseni funso limene ndimaliona kukhala lofunika koposa onse: ngati sindigula pano lero, ndichita chiyani? Ngati yankho n'lakuti pali sitolo ina imene ikugulitsa motsikirapo, kapena mukhoza kudikira mwezi wamawa, kapena chakale chikugwirabe ntchito, muli ndi mphamvu yeniyeni. Ngati yankho n'lakuti chinthucho chikufunika usiku uno ndipo kwina kulibe, mphamvu ili kwa wogulitsa, ndipo palibe mawu okoma amene angasinthe zimenezo. Pachifukwa ichi, zinthu zodula muziyamba kuzifunafuna zisanafike posowa mtengo wogwira.

Ganizirani masamu a wogulitsa

Ogula ambiri amalakwitsa poganiza kuti ndalama zonse zimene apereka zimalowa m'thumba la mwini sitolo. Tiyerekeze ndi manambala wamba, osatchula ndalama za dziko lililonse. Wogulitsa waoda chinthu pa 80 ndipo akuchigulitsa pa 100. Inu mukapempha kuti akuchotsereni 10, mumaona ngati mwapempha pang'ono, gawo limodzi chabe mwa magawo khumi. Koma kwa iye, phindu lidali 20 ndipo latsala 10, kutanthauza kuti mwatenga theka la zimene akadapeza. Pa 20 yemweyo ndi pamene amachotsa lendi, malipiro a antchito, magetsi, msonkho, mayendedwe, ndi kulipirira katundu amene adasweka, adabedwa kapena adakana kugulidwa. Mukapempha kuti akugulitseni pa 75, mukumupempha kuti adye mpamba wake, ndipo wamalonda wodya mpamba sachedwa kutseka chitseko.

Kukula kwa phindu kumasiyana kwambiri malinga ndi mtundu wa katundu, n'chifukwa chake malangizo ofala akuti nthawi zonse muziyamba ndi theka la mtengo wotchulidwa ndi osathandiza. Pa katundu wodziwika wa m'fakitale, amene masitolo ambiri ali naye ndipo aliyense akhoza kuyerekeza mitengo, phindu limakhala lopyapyala, ndipo kutchula theka kumangoonetsa kuti simukudziwa chimene mukugula. Pa zokongoletsera, zovala za fashoni, zosema ndi zinthu zogulitsidwa kwa alendo, mtengo woyamba ukhoza kukhala wokwera kawiri kapena kupitirira, ndipo theka likhoza kukhala lochuluka kale. Choyambira chanu chichokere pa zimene mudapeza pofufuza, osati pa mtengo umene wogulitsa watchula.

Palinso nthawi zimene malire a wogulitsa amatsika okha. Katundu wowonongeka msanga amatsika mtengo tsiku likamatha, chifukwa chosagulidwa lero mawa chikhoza kutayidwa. Katundu wa nyengo amatsika nyengo yake ikamapita. Chinthu chimene chakhala pashelefu miyezi yambiri chimakhala chitamanga ndalama zimene mwini sitolo akadaodera zina zoyenda msanga, ndipo iye akhoza kukondwa kuchichotsa ngakhale phindu litachepa. Wantchito wolipidwa malinga ndi zimene wagulitsa amafewa mwezi ukamatha ngati sadafike pa mlingo umene adamuikira. Fumbi la pa bokosi ndi kufwifwa kwa chikwangwani cha mtengo zimakuuzani zambiri kuposa mawu a wogulitsa.

Kuyamba kukambirana

Perekani moni, ndipo musathamangire ku mtengo. Wogulitsa ndi munthu amene waima tsiku lonse, ndipo mwachibadwa amachotsera mosavuta munthu amene wamupatsa ulemu kusiyana ndi amene wangolowa n'kuyamba kuloza katundu ndi chala. Sankhaninso nthawi imene m'sitolo mulibe piringupiringu, pakuti palibe wogulitsa amene angakonde kukutsitsirani mtengo makasitomala ena asanu akumvetsera, podziwa kuti onsewo afuna chimodzimodzi.

Malonda ndi m'maso, choncho yang'anani katunduyo mofatsa musanakambe za ndalama. Mutembenuzeni, yesani zipi, zitseko, mabatani ndi zolumikizira, ndipo ngati ndi wamagetsi pemphani kuti amuyatse muone. Mukapeza chilema chenicheni, chitchuleni modekha, chifukwa chimenecho ndi chifukwa chomveka chopemphera kuchotsera. Koma musapeke zilema, ndipo musanyoze katundu amene mukumufuna. Khalidweli ndi lakale kwambiri, moti buku la Miyambo la m'Baibulo, chaputala 20 ndime 14, limanena za wogula amene amati chinthu n'choipa ali pamalonda, koma akachoka amayamba kudzitama. Wogulitsa aliyense amalidziwa, ndipo amadziwanso kuti munthu sataya mphindi makumi awiri pa chinthu chimene akuchiona kuti n'chachabe. Kumbali ina, musaonetse kuti mtima wanu wagwera pa chinthucho kotheratu. Ngati muli awiri, gwirizanani musanalowe kuti wina asafuule kuti ichi ndiye chimene tinkafuna chija.

Tsopano pali funso lakuti ayambe kutchula nambala ndani. Mu 1974, akatswiri a za maganizo a anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene amathandiza kuyankha funsoli. Iwo ankazunguza gudumu la manambala pamaso pa anthu, kenako n'kuwafunsa kuti mwa mayiko 100 alionse a m'bungwe la United Nations, a mu Africa angakhale angati. Anthu amene gudumu lidawaimira pa 10 adayankha za m'ma 25, pamene amene lidawaimira pa 65 adayankha za m'ma 45, chikhalirecho onse ankaona kuti nambala ya pa gudumu ilibe mgwirizano uliwonse ndi funsolo. Ngati nambala yopanda tanthauzo imakoka maganizo a munthu chotero, kuli bwanji nambala yotchulidwa ndi wogulitsa molimba mtima, katundu ali patsogolo panu? Mtengo woyamba umakhala ngati chikhomo chimene zokambirana zonse zimamangiriridwapo. Wogulitsa akati 200 pa chinthu choyenera 100, inu n'kumutsitsa kufika pa 150, mumatuluka mukusangalala kuti mwachotsetsa 50, pamene mwalipira 50 yopitirira.

Mankhwala ake ndi kafukufuku mudachita uja. Ngati mukudziwa bwino mtengo wa pamsika, musaope kuyamba ndinu, ndipo tchulani nambala yotsikirapo pang'ono pa imene mukufuna kumalizira, kuti chikhomo chikhale chanu. Ngati simukudziwa, msiyeni wogulitsa ayambe, chifukwa mukhoza kutchula ndalama zoposa zimene iye akadapempha. Akatchula mtengo wokwera mopanda nzeru, musayankhe ndi nambala yanu nthawi yomweyo, popeza kutero ndi kuvomereza kuti pakati pa ziwirizo ndi pamene pali chilungamo. Nenani kuti, "Bambo, pamenepo tatalikirana kwambiri, kwina ndapeza motsika ndithu. Tandiuzani mtengo umene mungagulitsiredi." Mulekeni atsike yekha kaye, kenako muyambe.

Nambala yanu yoyamba ikhale yotsika koma yoti mukhoza kuifotokoza. Nambala yonyoza imatseka makutu. Akatswiri a zachuma, kuyambira ndi Werner Güth ndi anzake ku Germany mu 1982, adayesa kambirimbiri masewera amene munthu mmodzi amagawa ndalama ndipo mnzake amavomera kapena kukana, ndipo mnzakeyo akakana, onse awiri sapeza kanthu. Zimene zimaoneka mobwerezabwereza n'zakuti anthu ambiri amakana gawo laling'ono kwambiri, kulolera kutuluka chimanjamanja kusiyana ndi kulandira chimene akuchiona ngati chipongwe. Mwini sitolo naye ndi wotero. Akhoza kukana ndalama zimene zikadamupatsa phindu pang'ono chifukwa cha mmene mwazitchulira.

Kukwera ndi kutsika

Mukatchula nambala yanu, khalani chete. Apa ndi pamene ambiri amagonjera, chifukwa chete wa m'sitolo amalemera, ndipo munthu amayamba kudzikweza yekha wogulitsa asanayankhe n'komwe. Musakweze kawiri motsatizana iye asanatsike. Mukakweza, kwezani pang'onopang'ono ndipo sitepe iliyonse ikhale yaing'ono kuposa yapitayo: ngati mudayamba pa 70, pitani pa 78, kenako 82, kenako 84. Kuchepa kwa masitepewo kumamuuza wogulitsa, popanda inu kulumbira, kuti mukuyandikira malire anu. Muziyang'ananso masitepe ake mwanjira yomweyo. Akatsika ndi 20, kenako ndi 20 wina, pansi pakadali patali. Akatsika ndi 10, kenako 4, kenako 1, mwafika.

Chenjerani ndi mawu akuti tigawane pakati. Amamveka achilungamo, koma pakati pamadalira kumene aliyense adayambira, ndipo amene adayambira kutali kwambiri ndi mtengo weniweni ndiye amapindula. Musanavomere, werengerani nambala yapakatiyo n'kuiyerekeza ndi malire amene mudaika kunyumba.

Mtengo ukakana kusuntha, sinthani chimene mukupempha. Zinthu zina zimamudyera wogulitsa zochepa koma kwa inu n'zamtengo wapatali, monga kukubweretserani katundu kunyumba, kukulumikizirani, kukuwonjezerani nthawi imene angakukonzereni kwaulere chikawonongeka, kapena kukupatsani kachipangizo kogwirizana ndi chimene mwagulacho. Banyira wotere iye amamuwerengera pa mtengo wooda, pamene inu mukadamugula pa mtengo wa pashelefu, choncho nonse mumapindula. Inunso muli ndi zopereka zimene si ndalama zowonjezera. Kugula zinthu zingapo pamodzi kumamupatsa chifukwa chotsitsira, koma funsani kaye mtengo wa chimodzi, mugwirizane, kenako mufunse kuti, "Nanga ndikatenga zitatu?" Kulipira zonse nthawi imodzi m'malo mwa pang'onopang'ono kumamuthandiza kuoda msanga katundu wina. Kulipira ndalama zamanja kumamupulumutsa ku kagawo kamene amadulidwa kasitomala akalipira ndi khadi, ngakhale kuti zimenezi siziyenera kukhala chifukwa chokumanani lisiti. Chilichonse chimene mwapereka chikhale ndi chobwezera chake: "Mayi, mukandipatsa pa 85, nditenga lero lomwe ndipo ndinyamula ndekha."

Wogulitsa akanena kuti alibe mphamvu yochotsera, mufunseni mwaulemu ngati pali wina amene ali nayo, ndipo ngati alipo pemphani kulankhula naye. Ngati mukunena kuti kwina mwapeza motsika, zikhale zoona, ndipo ndi bwino kuonetsa umboni wake. Amalonda a katundu wofanana amadziwana mitengo, ndipo bodza lanu likagwidwa, mawu anu onse otsatira amapepuka.

Chida chomaliza ndi kuchoka. Thokozani, nenani kuti ndalama zanu zalekezera pamenepo, ndipo nyamukani mwamtendere. Ngati mpata udalipo, kawirikawiri adzakuitanani musanafike patali. Ngati sakuitanani, mwaphunzira chinthu chofunika, chakuti nambala yanu idali pansi pa malire ake, ndipo mukafika m'sitolo yotsatira mudzadziwa poyambira. Kubwereranso n'kukagula pa mtengo wake womaliza si chinthu chochititsa manyazi, bola mudachoka bwino. Koma musachoke mwachiphamaso pa chinthu chimene simungathe kuchisiya, chifukwa mukabwerera pakapita mphindi ziwiri, wogulitsa amadziwa kuti simungapite kwina.

Pali lamulo limodzi limene sindilola kuti liphwanyidwe. Mukatchula mtengo, wogulitsa n'kuvomera, gulani. Kutchula nambala ndi lonjezo. Munthu amene amanenerera kwa theka la ola, n'kupatsidwa mtengo umene wapempha, kenako n'kunena kuti amangofunsa, wamubera wogulitsa nthawi ndi makasitomala ena amene adadutsa. Ngati simudatsimikize zogula, funsani mtengo, thokozani, pitani, osayamba kunenerera.

Musanapereke ndalama

Bwerezani mokweza zimene mwagwirizana: mtengo wonse, ngati msonkho uli momwemo, zimene zaphatikizidwa, ndi tsiku lobweretsa katundu ngati sakunyamulidwa pompo. Onetsetsani kuti chimene akukukulungirani ndi chomwe mudayesa chija, kapena tsegulani bokosi latsopanolo muone. Funsani ngati kuchotserako kwasintha chilichonse pa zobweza katundu akapezeka ndi vuto, chifukwa ena amatsitsa mtengo n'kuchotsa mwakachetechete udindo wawo wokonza. Zonse zimene walonjeza zilembedwe pa lisiti.

Pogula mwa ngongole, nenererani mtengo wonse wa chinthucho, osati ndalama za pamwezi. Wogulitsa akhoza kukutsitsirani za pamwezi n'kuchulukitsa miyezi, inu n'kulipira zambiri kuposa poyamba. Chulukitsani ndalama za pamwezi ndi chiwerengero cha miyezi, wonjezerani zoyamba kupereka, ndipo nambala imeneyo ndiyo muiyerekeze ndi mtengo wolipira nthawi imodzi. Musatengekenso ndi mtengo wakale wokhwatchidwa pachikwangwani, kapena mawu akuti chatsala chimodzi chokha ndipo wina akuchifuna. Zikhoza kukhala zoona, koma sizisintha malire amene mudaika.

Ndinenepo za kukula kwa dzanja. Mphamvu zanu zonenerera muzizigwiritsa ntchito pa zinthu zodula ndi kwa amalonda amene ali ndi mpata waukulu. Ndimamva chisoni ndikaona munthu wopeza bwino akulipira mosafunsa m'sitolo yaikulu, koma akafika kwa wogulitsa wamng'ono, amene katundu wake yense angakwane m'dengu limodzi, n'kumupanikiza mpaka kumulanda kaphindu kamene akadadyera tsiku limenelo. Wogulitsa wotereyo nthawi zina amavomera mtengo woluza chifukwa akufunika ndalama lero, osati chifukwa mtengowo ndi woyenera. Kudziwa kuti munthu wapanikizika sikukupatsani ufulu womufinya.

Kwa inu amene muli kuseri kwa kauntala

Zonse zanenedwazi zili ndi mbali yanu. Dziwani mtengo weniweni wa chinthu chilichonse, kuphatikiza mayendedwe ndi gawo lake la lendi ndi malipiro, osati mtengo wooda wokha, ndipo lembani penapake malire amene simungatsikepo. Wamalonda wosadziwa malire ake amagulitsa kwambiri tsiku lonse, madzulo n'kupeza kuti ndalama zoodera katundu wina sizikukwana. Ngati muli ndi antchito, auzeni momveka kuti akhoza kuchotsera mpaka pati popanda kukufunsani, kuti asamachite mantha kapena kugawa katundu wanu mwachisawawa.

Musatsitse mtengo popanda chifukwa chimene kasitomala angachione. Mukagwa kuchoka pa 100 kufika pa 60 chifukwa chakuti munthu wangokwinya nkhope, mwamuphunzitsa kuti mawu anu oyamba adali abodza, ndipo ulendo wotsatira sadzakhulupirira ngakhale mtengo wanu woona. Mangirirani kuchotsera kulikonse ku chinthu china, monga kuchuluka kwa zimene watenga, kulipira nthawi imodzi, kapena chilema chimene nonse mukuchiona. Kasitomala akatchula nambala yotsika kwambiri, musapse mtima. Mufunseni ndalama zimene wakonza, ndipo muonetseni china chimene chingakwane pamenepo, pakuti nthawi zambiri munthu wotero sakukunyozani koma sakudziwa mtengo, kapena thumba lake ndi lochepa ndipo akuchita manyazi kunena.

Chiyeso chachikulu cha wogulitsa ndi kutchula mtengo poyang'ana nkhope, zovala kapena kalankhulidwe ka munthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza awiri a ku America, Ian Ayres ndi Peter Siegelman, adatumiza anthu ophunzitsidwa kunenerera mofanana kwa ogulitsa magalimoto atsopano ku Chicago, ndipo adapeza kuti ogula akuda, makamaka amuna, ankauzidwa mitengo yokwera kuposa amuna achizungu pa magalimoto ofanana. Kumeneku ndiko kuipa kwa malonda onenerera: amalanga mlendo, wamanyazi, wokalamba ndi aliyense amene wogulitsa wamuona ngati wosadziwa, ndipo n'chimene a Quaker aja ankakana. Ngati mumasiya mpata wonenerera pa mitengo yanu, mpatawo ukhale wofanana kwa aliyense wolowa pakhomo, ndipo ukhale waung'ono moti munthu amene walipira osanenerera asadzamve kuti mudamubera akadzakumana ndi mnzake amene adanenerera. Makasitomala amauzana mitengo, ndipo masiku ano amatumizirana ngakhale zithunzi za malisiti pa foni.

Kasitomala amene wabwera kachitatu kapena kachinayi musamuyambitsenso pa mtengo wa mlendo. Muuzeni mtengo wanu weniweni nthawi yomweyo, ndipo katundu amene amakonda akafika kapena akatsala pang'ono kukwera, mudziwitseni asanafunse.